Kankhalamba ka ndevu kowala usiku: mmene ndimakapangira pa Khirisimasi

Mwa zokongoletsa zonse za nyengo ya Khirisimasi zimene munthu angapange ndi manja ake, chimene ndimachikonda kwambiri ndi kankhalamba ka ndevu zoyera ndi chipewa chosongoka, kamene kamawala kuchokera m'kati mwa thupi lake kunja kukada. Zipangizo zake ndi zotsika mtengo, ndipo zambiri mwa izo ndi zinthu zimene zikanangotayidwa, monga botolo lagalasi lopanda kanthu, sokosi imene inzake inasowa, ndi ulusi wotsala pa ntchito ina. Ndaona kuti ambiri amene amakapanga amayamba ndi ndevu ndi chipewa, n'kudzakumbukira nyali ntchito itatha kale, ndiye amangoikankhira pamene papezeka mpata. Ine ndimakhulupirira kuti nyali ndi imene iyenera kusankhidwa poyamba, ndipo thupi, ndevu ndi chipewa ziyenera kupangidwa motsatira nyaliyo, chifukwa kachidole kamene kakuoneka bwino masana koma usiku n'kumangotulutsa timadontho ta kuwala apa ndi apo sikanakwaniritse chimene kanapangidwira.

Kamunthu kameneka kanachokera ku mayiko a kumpoto kwa Ulaya. Ku Sweden amakatcha tomte, ku Norway ndi ku Denmark amati nisse, ndipo ku Finland amati tonttu. M'nthano zakale za kumeneko kanali kamunthu kakafupi kokhala pafamu mosaonekera, kosamalira ziweto makamaka akavalo, komanso kosachedwa kupsa mtima eni nyumba akakanyoza kapena akamazunza ziwetozo, ndipo pofuna kukasangalatsa ankakaikira mbale ya phala lokhala ndi batala pamwamba usiku wolowera Khirisimasi. Mu 1881 ku Sweden kunasindikizidwa ndakatulo ya Viktor Rydberg yofotokoza za kamunthuka kakuyendera nyumba ndi makola usiku wozizira kwambiri anthu onse ali m'tulo, ndipo zojambula za Jenny Nyström, amene anabadwa mu 1854 n'kumwalira mu 1946, zinathandiza kwambiri kukhazikitsa maonekedwe amene tikuwadziwa lero a ndevu zoyera ndi chipewa chofiira. Kachidole ka masiku ano kanachepetsanso maonekedwewo: kalibe maso, kalibe kamwa, ndipo chipewa chimatsika mpaka kugunda mphuno. Kwa munthu wopanga, umenewu ndi mwayi waukulu, pakuti nkhope ndi imene imavuta pa chidole chilichonse, ndipo pano nkhope yonse ndi mphuno imodzi yokha.

Pa nkhani ya nyali pali lamulo limodzi losakambirana: muzigwiritsa ntchito timababu ta LED toyendera mabatire, osati kandulo kapena babu lachikale lokhala ndi kawaya kofiira m'kati. Babu lachikale limasandutsa pafupifupi magawo 90 mwa magawo 100 a mphamvu yake kukhala kutentha, ndipo kutentha kumeneko kukatsekeredwa m'botolo lovekedwa nsalu kulibe kothawira. Ulusi wa acrylic ndi ubweya wopangidwa ku fakitale ndi pulasitiki basi, imene imasungunuka ndi kuyaka ikatenthedwa. Timababu ta LED timatentha pang'ono kwambiri moti mungathe kutigwira ndi zala titayaka kwa maola angapo, ndipo n'chifukwa chake ntchito imeneyi ikutheka popanda mantha.

Timababu toyenera ndi timene timakhala pa waya wopyapyala wamkuwa, chifukwa wayayo amapindika mosavuta ndipo amakhala mmene mwamupindira. Kawirikawiri waya wa mamita 2 amakhala ndi timababu 20, totalikirana masentimita 10, ndipo ameneyu amakwanira botolo lotalika masentimita 12 mpaka 15. Kusiyana kwenikweni kuli pa mabatire. Ena mwa mawayawa amayendera timabatire tathyathyathya totchedwa CR2032, tamphamvu ya mavolt 3 kalikonse, tokula mamilimita 20 m'mimba mwake ndi mamilimita 3.2 kunenepa kwake, ndipo kabokosi kake ndi kakang'ono moti kamabisika bwino m'chipewa. Ena amayendera mabatire atatu a AA, lililonse la mavolt 1.5, amene pamodzi amapereka mavolt 4.5. Batire limodzi la AA limasunga mphamvu yochuluka kangapo kuposa kabatire kathyathyathya, kotero kuti nyali yake imakhalitsa isanayambe kuzirala, koma bokosi lake ndi lalikulu ndi lolemera, ndipo muyenera kulipezera malo musanamate chilichonse. Ngati kachidoleka kaziyaka madzulo alionse kwa milungu ingapo, ine ndimasankha mabatire a AA, makamaka bokosi lokhala ndi kotchera nthawi, limene limayatsa nyali kwa maola 6 n'kuizimitsa kwa maola 18, kenako n'kuiyatsanso lokha nthawi yomweyo tsiku lotsatira.

Timabatire tathyathyathyato tili ndi ngozi imene sindingaidumphe. Mwana wamng'ono akameza kamodzi n'kukakamira pakhosi, kangathe kuwotcha njira ya chakudya m'maola awiri okha, ndipo mwanayo muyenera kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale akuoneka kuti ali bwino. Popeza kachidole ka ndevu zofewa kamakopa ana kuti akanyamule, m'nyumba mmene muli ana aang'ono sankhani kabokosi kotsekedwa ndi sikuluwu, kosatheka kutsegula ndi zala zokha, kapena gwiritsani ntchito mabatire a AA.

Mtundu wa kuwala nawo ndi wofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Pa paketi pamalembedwa nambala yotsatiridwa ndi chilembo cha K: kuwala kwa 2700K mpaka 3000K kumakhala kwachikasu pang'ono ndi kofunda m'maso, pamene kwa 5000K kupita m'mwamba kumapendekera ku buluu. Kababu koyera ka LED kwenikweni ndi kababu ka buluu kokutidwa ndi mankhwala achikasu otchedwa phosphor, ndipo kababu ka buluuko ndi ntchito ya Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2014 chifukwa cha ntchito imeneyi. Kuwala kopendekera ku buluu kukadutsa m'ndevu zoyera, ndevuzo zimaoneka zotuwa ndi zozizira, ndipo kankhalamba kamaoneka ngati kakudwala. Kuwala kwachikasu kumazipatsa moyo. Timababu tophethiraphethira kapena ta mitundumitundu sinditifuna pa ntchito imeneyi, chifukwa timachititsa munthu kuyang'ana nyali m'malo moyang'ana kachidole.

Thupi lake ndi botolo lagalasi lakukamwa kwakukulu, lokhala ndi chivindikiro chake. Livikeni m'madzi ofunda a sopo kuti pepala lolembedwa lichoke, ndipo guluu wotsalira mumuchotse ndi kadontho ka mafuta, kenako mutsukenso ndi sopo kuti galasi lisakhale loterera. Mukangoponya timababu m'galasi loyera mbee, munthu amaona kababu kalikonse pakokha pamodzi ndi waya wake, ndipo chinsinsi chonse chimaululika. Chofunika ndi kumwaza kuwalako kuti botolo lonse liwale mofanana. Njira yotsika mtengo ndi kung'amba pepala loyera la tishu, lija lokulungira mphatso, kukhala tizidutswa tating'ono, n'kutimata kunja kwa botolo ndi guluu woyera wosungunula, magawo awiri a guluu pa gawo limodzi la madzi. Matani kawiri, ndipo mudikire kuti gawo loyamba liume musanaike lachiwiri. Muzing'amba pepalalo ndi manja m'malo modula ndi sizasi, pakuti m'mphepete mong'ambika mumalowerera bwino mu guluu, pamene mizere yodulidwa mowongoka imaonekera nyali ikayaka. Likauma, botolo limawala ngati mwezi uli kuseri kwa mtambo wopyapyala, ndipo pepalalo lili ndi phindu linanso lakuti guluu wa ndevu ndi mphuno amagwira bwino pa ilo kuposa pa galasi losalala.

Polowetsa waya m'botolo, musamukulunge kukhala kampira kothina, chifukwa kuwala konse kumaunjikana pansi ndipo kumtunda kumada. Muzungulizeni momasuka pa zala zitatu kuti akhale ngati sipuling'i, kenako mumukoke pang'ono kuti afike kuyambira pansi mpaka kukhosi kwa botolo. Timababu tisagunde galasi, koma titalikirane nalo ndi sentimita imodzi kapena awiri, chifukwa kababu kotsamira galasi kamaoneka kunja ngati kadontho kowala kwambiri ngakhale pepala lilipo. Mukatero, zimitsani magetsi a m'chipinda, yatsani botololo, ndipo mulizungulize pang'onopang'ono kuti muone mbali imene ikuwala bwino. Mbali imeneyo ndiyo idzakhale kumaso. Kuyesa kumeneku kumafunika kuchitika tsopano, pamene dzanja likutha kulowa m'botolo mosavuta.

Malo a bokosi la mabatire amadalira mtundu umene mwasankha. Kabokosi kakang'ono kamakhala pamwamba pa chivindikiro, komata ndi tepi, ndipo waya amadutsa pa kabowo kamene mwaboola pachivindikirocho. Ngati chivindikiro ndi chachitsulo, matani tepi m'mphepete mwa kabowoko kuti chitsulo chisapale utoto wopyapyala umene umakuta waya, chifukwa utotowo ukapalika mawaya awiriwo amagundana ndipo nyali imazima. Bokosi la AA likakhala pamwamba limalemetsa mutu moti kachidole kamagwa msanga, kotero ndi bwino kuliimika kumbuyo kwa botolo, pansi penipeni, n'kulimanga ndi kamphira. Amene akugwiritsa ntchito botolo lapulasitiki athire timiyala toyera pansi pake kuti likhale ndi kulemera.

Ndevu ndi zimene ndimathera nthawi yambiri, ndipo apa ndi pamene kusankha nyali poyamba kumasintha zinthu. Zidole zambiri za mtunduwu zimakhala ndi ndevu za ubweya wopangidwa ku fakitale, umene umakongoladi masana. Vuto lake ndi lakuti ubweyawo umalukidwa pa nsalu yokhuthala, ndipo nsaluyo imatchinga kuwala, moti usiku pamene pali ndevu pamangooneka chimthunzi chakuda pakati pa thupi lowala. Ngati ubweya ndi umene muli nawo, dulani ndevu zopapatiza kuti kuwala kuzitulukira m'mbali mwake, ndipo muzidula chakumbuyo, mbali ya nsalu, ndi lumo lakuthwa, mosakanikiza, kuti mudule nsalu yokha osati tsitsi lake. Sizasi imameta tsitsi la m'mphepete n'kusiya ndevu zooneka zodukaduka. Onetsetsaninso kuti tsitsilo lagonera kumunsi musanajambule mzere wodulira.

Koma kwa kachidole kowala, ndevu za ulusi ndi zimene zimapambana, chifukwa kuwala kumadutsa pakati pa timaulusi ndipo ndevu zonse zimayera kuchokera m'kati. Tengani kachidutswa ka katoni kotalika masentimita 15, muzungulizepo ulusi woyera maulendo pafupifupi 30, kenako mudule mbali imodzi kuti mupeze zingwe za masentimita 30. Chingwe chilichonse mupinde pakati, mukoleke pa chingwe china chopingasa, n'kulowetsa nsonga zake ziwiri m'kagoba kamene kapangika, ndi kukoka kuti chigwire. Mukadzaza masentimita 10 mpaka 12 a chingwe chopingasacho, ndevu zakwanira botolo la masentimita 8 m'mimba mwake, limene kuzungulira kwake ndi masentimita pafupifupi 25. Ntchito yotsatira ndi yotenga nthawi koma ndi imene imasiyanitsa ndevu zenizeni ndi zingwe zongolendewera: ulusi uliwonse umapangidwa ndi timaulusi tingapo topotana, ndipo muyenera kutipotokola kamodzikamodzi. Timaulusi topotokola timakhala topotanapotana mokongola, ndipo ena amasiyira pomwepo. Amene akufuna ndevu zofewa azipese ndi chipeso, kuyambira kunsonga kukwera kumtunda pang'onopang'ono, atagwira mfundo ndi dzanja linalo kuti zisasomphoke. Ulusi wambiri umatsalira m'chipeso, ndipo zimenezi siziyenera kukudetsani nkhawa, koma zikutanthauza kuti ndevu zopesa zimafupika, ndiye muzidula zingwe zazitali kuposa mmene mukufunira. Zingwe za mopu yatsopano ya thonje nazonso zimagwira ntchito yomweyi ndipo zimapotokoka msanga, ngakhale kuti ndi zokhuthala moti zimafunika kuikidwa motalikirana kuti zisatseke kuwala.

Mangani chingwe chopingasacho mozunguliza khosi la botolo, munsi pang'ono mwa chivindikiro, n'kuchilimbitsa ndi timadontho ta guluu. Musamete ndevu zisanamangidwe pabotolo. Zikamangidwa, imikani botolo pa tebulo, musalaze ndevu ndi zala, ndipo muzimete pang'onopang'ono kuti pakati pakhale patali ndi m'mbali mwafupi, nsonga yake ikungokhudza tebulo. Ndevu zikhale zopyapyala moti mukayatsa nyali muziona kuwala kukudutsa. Zikakhala zothithikana, chotsani zingwe zingapo pakati.

Mphuno yabwino ndi mkanda wamtengo wa masentimita 2 kapena 2.5, wosapaka utoto. Kumene mkanda wotere kulibe, dulani kachidutswa ka sitokini kapena ka nsalu yotanuka, muikemo thonje, n'kumanga ndi ulusi kuti kakhale kampira. Ena amagwiritsa ntchito mpira wa table tennis kuti mphuno nayo iziwala, koma mpirawo ndi wa mamilimita 40, waukulu kwambiri pa botolo la msinkhu umenewu, ndiponso ine ndimaona kuti mphuno yosawala imaoneka bwino chifukwa imasiyana ndi ndevu zowala zimene zaizungulira. Patulani ndevu pakati ndi zala ndipo mumate mphunoyo pabotolo penipeni, osati pa ulusi, apo ayi imalendewera n'kumatsika tsiku ndi tsiku. Bowo la mkanda liyang'ane kumwamba ndi pansi kuti chipewa ndi ndevu zilibise. Kamtolo kakang'ono ka ulusi komanga pakati, komata munsi mwa mphuno n'kukapatula kumanja ndi kumanzere, kamapanga ndevu za pamlomo.

Chipewa chosavuta ndi sokosi yaitali kapena mkono wa juzi yakale, chifukwa nsalu zolukidwazi zimatanuka n'kugwira botolo zokha popanda kuyeza. Dulani sokosi pamwamba pa chidendene, mugwiritse ntchito mbali ya kumwendo, mphira yake ikhale m'munsi, ndipo kumtunda musoke mopendeketsa kuti kusongoke. Nsalu ya felt, yokhuthala ndi yosalukidwa, imapereka chipewa choimirira bwino koma simatanuka, kotero imafuna muyeso. Yezani kuzungulira kwa mutu ndevu zitamangidwa kale, chifukwa ndevuzo zimawonjezera kukula, ndipo muwonjezerepo sentimita imodzi ndi theka ya msoko. Kenako mangani pensulo ku chingwe chotalika mofanana ndi chipewa chimene mukufuna, mwachitsanzo masentimita 25, mukanikize nsonga ya chingwecho pangodya ya nsalu, ndipo mujambule mzere wokhota wotalika mofanana ndi muyeso wa mutu uja. Mukalumikiza mapeto awiri a mzerewo ndi ngodya ija n'kudula, nsaluyo ikapindidwa imakhala chipewa chosongoka chokhala ndi m'munsi mofanana bwino, chimene sichingatheke mukadula m'munsimo mowongoka. Msoko wa singano ndi ulusi umakhala wosalala kuposa wa guluu, umene umauma gwa n'kulepheretsa chipewa kupindika. Chipewa chitalike kuposa thupi, mwina kamodzi ndi theka kapena kawiri, chifukwa chachifupi chimachotsa maonekedwe a kankhalambaka. Waya wofewa wolowetsa m'kati amathandiza kuti nsonga ikhotere mbali imene mukufuna. Pindani mapeto ake onse awiri kuti asaboole nsalu, ndipo asagunde mabatire.

Chipewa chikhale cha nsalu yokhuthala, yofiira kapena yotuwa, yosadutsa kuwala, kuti maso a woona azitsikira ku ndevu. Chofunika koposa ndi chakuti musachimate pabotolo. Ambiri amachimata mozungulira kuti chisasunthe, ndipo mabatire akatha amapeza kuti kabatani koyatsira ndi kabokosi zatsekeredwa m'kati, moti pofuna kusintha mabatire amayenera kung'amba ntchito yawo yomwe. Chipewa chizivulika ndi kuvalika, chizitsika mpaka kuphimba gawo limodzi mwa magawo atatu a mphuno, ndipo ngati chikukhwepa sokerani kamphira m'munsi mwake chakumbuyo.

Guluu wotentha wa kamfuti, kachipangizo kooneka ngati mfuti kosungunula guluu, amafulumizitsa ntchito, koma amafuna kusamala. Kamfuti kotentha pang'ono kamafika madigiri a Celsius pafupifupi 120, pamene kotentha kwambiri kamafika pafupifupi 190, ndipo pa ulusi wa acrylic koyambako ndi kokwanira. Musadonthezere guluu ameneyu pa timababu kapena pa waya wamkuwa. Akakudontherani pakhungu, ikani malowo pa madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20. Ana amene akuthandiza nawo angapatsidwe ntchito yomata pepala la tishu ndi yopotokola ulusi, zimene sizifuna kutentha kapena lumo.

Manja ndi mapazi sindivutika nazo kawirikawiri, chifukwa zimaphimba mbali za botolo zimene zikanawala. Amene akuzifuna angamate timikanda tiwiri pansi kutsogolo kuti tizisuzumira munsi mwa ndevu. Kumbuyo kwa botolo kukhale pepala loyera lokhalokha, kapena nsalu yopyapyala kwambiri yowala mtundu, kuti kuwala kuzifika pakhoma lakuseri.

Kachidoleka ndi ka m'nyumba, ndipo kaikidwe kutali ndi makandulo, mbaula ndi chinyontho, popeza guluu woyera amafewa akanyowa ndipo pepala limamatuka. Nyengo ikatha, chotsani mabatire onse musanakasunge, chifukwa mabatire a AA osiyidwa miyezi yambiri amatulutsa mankhwala oyera amene amadya tizitsulo ta m'bokosi. Timabatire tathyathyathya totha mutimate tepi mbali zonse ziwiri ndi kutisunga pamene ana sangafike kufikira mutatitaya moyenera, chifukwa ngakhale kabatire kamene kaleka kuyatsa nyali kamakhalabe ndi mphamvu yovulaza mwana. Vulani chipewa, muwongole waya wake, mupese ndevu n'kuzikulunga ndi pepala kuti zisagwire fumbi, ndipo botolo muliimike m'katoni popanda chinthu cholemera pamwamba pake.